Momwe mungagwiritsire ntchito AC ndi kuwerenga dashibodi pa galimoto yochokera ku Japan

Galimoto zambiri zomwe tikuyendera masiku ano, kaya ndi Vitz, Sienta, Passo, Nissan Note kapena Demio, zinayenda kale ku Japan zisanatsitsidwe pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe. Zimafika ndi kabuku ka Chijapanizi, zina popanda kabuku n'komwe, ndipo wogulitsa amangokupatsani makiyi basi. N'chifukwa chake mumapeza munthu wayendetsa galimoto chaka chathunthu akudziwa mabatani awiri okha, ena onsewo amaopa kuwagwira. Komatu mvula ikayamba mu November, mabatani omwe amawaopawo ndi omwe amamuthandiza kuona msewu.

Yambani ndi timagetsi musanalize injini

Tembenuzani kiyi kufika pa ON koma musalize. Ngati galimoto yanu ndi yoliza ndi batani, dinani kawiri osaponda buleki. Timagetsi ta pa dashibodi tiyenera kuyaka tonse: ka oilo, ka batire, ka injini, ka ABS (ya mabuleki), ka airbag. Mukaliza injini tizime pakangopita masekondi ochepa. Izi muzichite makamaka pogula galimoto, chifukwa alipo ogulitsa achinyengo omwe amazula kababu ka check engine (kagetsi ka injini kaja) kapena kukamata ndi tepi yakuda mkati kuti vuto lisaoneke. Kagetsi kakakana kuyaka pa ON, funsani kuti kapita kuti musanatulutse ndalama.

Mtundu wa kagetsi umakuuzani kukula kwa nkhani. Kofiira ndiye kuti imani. Kachikasu ndiye kuti mutha kukafika, koma galimoto ikaonedwe posachedwa. Kobiriwira ndi kabuluu timangokudziwitsani kuti chinthu chakutichakuti chayatsidwa.

Kuziziritsa galimoto yomwe yakhala padzuwa

Mu October ku Salima kapena ku Nchalo, galimoto ikaima padzuwa ola limodzi chiwongolero sichigwirika. Musathamangire kutseka mawindo n'kuyatsa AC (makina oziziritsa mpweya m'galimoto) pa mphamvu yonse. Tsegulani mawindo onse, yambani kuyenda, mpweya wotenthawo utuluke kaye. Pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri, tsekani, dinani batani la A/C, kenako dinani batani lomwe pajambulidwa galimoto yokhala ndi kamuvi kopindika mkati mwake. Limeneli limatseka mpweya wakunja, AC n'kumangozungulitsa wamkati womwe wayamba kale kuzizira, motero imaziziritsa msanga. Batani lomweli ndi lofunika mukalowa mumsewu wafumbi kapena mukakhala kumbuyo kwa lole yofuka utsi. Koma paulendo wautali musalisiye choncho maola onse, makamaka mukanyamula anthu ambiri. Mpweya umaguga, tulo timabwera. Muzilowetsako wakunja mwa apo ndi apo.

Galimoto yokhala ndi batani la AUTO ndi manambala siifuna kuvutika nayo. Ikani pa 23 kapena 24, dinani AUTO, fani idzisintha yokha. Kuika pa 18 kapena pa LO kumangochititsa fani kulira mwamphamvu ulendo wonse, anthu n'kuyamba kudandaula mutu. Ngati pali batani la ECO ndipo mukuona kuti AC ikuzizira mwaulesi, lizimitseni, chifukwa pa galimoto zambiri ECO imachepetsa dala mphamvu ya AC pofuna kusunga mafuta. Zoti AC imadya mafuta ndi zoona, ndipo pamzere wa petulo palibe chifukwa chosiyira injini ikulira kuti muzizizidwa. Koma pamsewu waukulu, mukuthamanga, mawindo otsegula nawo amakoka galimoto kumbuyo. Ndiye zomapirira kutentha kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Blantyre poopa mafuta sindiziona phindu lake.

Madzi omwe amadontha pansi pa galimoto mukaima, cha kumbali ya wokwera, asakuopseni. Ndi a AC amenewo, oyera, opanda fungo.

Galasi likachita nthunzi mvula ikugwa

Apa ndiye pofunika kumvetsetsa, ndipo ndi pomwe ine zinandivuta. Mvula ikamagwa mawindo amakhala otseka, anthu akupuma, zovala zanyowa, ndipo chinyontho chonsecho chimakakhala pagalasi lozizira. Chomwe chimachotsa nthunziyo ndi mpweya wouma, ndipo chomwe chimaumitsa mpweya m'galimoto ndi AC. Anthu ambiri amaizimitsa mvula ikayamba ponena kuti kunja kwazizira kale. Pamenepo ndi pomwe ikufunika kwambiri.

Dinani batani la galasi lakutsogolo, lomwe pajambulidwa galasi lokhota ndi timivi titatu tokhotakhota, nthawi zina palembedwa FRONT. Ngati galimoto yanu ndi ya zopotokola, potokolani mpaka pa chithunzi chomwecho. Onetsetsani kuti kagetsi ka A/C kayaka. Zimitsani batani lija lozungulitsa mpweya wamkati kuti wakunja ulowe, apo ayi mukungobwezera chinyontho chomwecho pagalasi. Kwezani fani, ndipo kutentha mukukwezeko pang'ono. AC ndi hita zimagwira limodzi bwinobwino, mpweya umatuluka wofunda komanso wouma. Galasi lakumbuyo lili ndi batani lakelake, lojambulidwa galasi la makona anayi, lomwe limatenthetsa timizere tija mumationa pagalasipo.

Zonsezi ndinazichita madzulo ena pakati pa Dedza ndi Ntcheu, mvula ikukhuthuka, galimoto yodzaza ndi achibale. Kagetsi ka A/C kanayaka, fani ikuuluza, koma galasi linkangochitabe nthunzi kwambiri mpaka magetsi a galimoto zobwera kutsogolo kumangooneka mbuu. Pamsewu umenewo m'mphepete mumayenda anthu ndi njinga, ndipo simungayende mongoganizira. Ndinapatuka n'kuima kutali ndi tala, mahazadi akuphethira. Chomwe chinatipulumutsa ndi kutsegula pang'ono mawindo awiri, kuika hita pa mphamvu yonse kuloza pagalasi, n'kupukuta ndi kansalu kouma. Musamapukute ndi dzanja. Mafuta a pakhungu amatsalira pagalasi ndipo usiku magetsi amamwazika kuposa poyamba.

Vuto linali loti mu AC munalibe gasi. Kagetsi ka pabatani kamayaka ngakhale kompuresa (pampu yomwe imazungulitsa gasi wa AC) isakugwira, chifukwa gasi akachepa kwambiri pali kaswichi komwe kamaletsa kompuresa kuti isapse. Gasiyo anali atathiridwa masabata ochepa m'mbuyomo ndi munthu wina wa silinda yake m'mbali mwa msewu, yemwe anangolumikiza paipi, kuthira, kulandira ndalama, osafufuza pomwe woyambayo anatulukira. Gasi wa AC satha ngati petulo. Akachepa ndiye kuti penapake pakudontha, kaya pa mphira za m'malumikiziro, pa paipi, kapena pa kondensa yomwe imakhala kutsogolo kwa redieta ndipo imalasidwa ndi timiyala. Kuthira osatseka podonthapo n'kutunga madzi ndi dengu.

Choncho AC yanu muiyese mvula isanayambe. Injini ikulira, dinani A/C mumvetsere: pa galimoto zambiri pamamveka kuti "tcha", kulira kwa injini n'kusintha pang'ono. Tsegulani boneti mugwire paipi yonenepa ya aluminiyamu yomwe ikulowa cha kudashibodi, manja akhale kutali ndi lamba ndi fani. Iyenera kuzizira mpaka kuchita thukuta. Ikakhala yofunda, pitani kwa wodziwa za AC, ndipo mufunseni mafunso atatu: adzafufuza bwanji podontha, ali ndi pampu yokoka mpweya asanathire, komanso athira gasi wanji. Pansi pa boneti pamakhala kapepala kosonyeza mtundu ndi kuchuluka kwake. Galimoto zambiri zomwe tili nazo zimafuna R134a, zing'onozing'onozi osapitirira theka la kilogalamu, pomwe zina zatsopano zimafuna R1234yf. Munthu akakutchulirani mtengo wotsika modabwitsa, pemphani muone silinda, chifukwa ena amathira gasi wa mafiriji kapena wosakaniza yemwe amatha kuyaka moto. A ma hybrid (galimoto zoyendera mafuta ndi magetsi) ngati Aqua ndi Prius samalani koposa: kompuresa yake ndi yamagetsi ndipo imafuna oilo wakewake, wamba amaiwononga, ndipo mtengo wa ina ndi woliza.

Chinanso, nthunzi ina imakhala kunja kwa galasi, makamaka mukaloza mpweya wozizira kwambiri pagalasi kunja kuli chinyontho. Yatsani mawaipa kamodzi. Ikachoka ndiye kuti inali yakunja, kwezani kutentha pang'ono.

Mu June ndi July, ngakhale kukuzizira chotani ku Mzuzu kapena ku Dedza, muziyatsa AC kwa mphindi zingapo sabata iliyonse kuti oilo azungulire, mphira zisaume. Hita yokha musaiope, imatenga kutentha kwa madzi a injini ndipo siikudyerani mafuta oti mungawazindikire. Fani ikamalira koma mpweya ukutuluka wochepa kapena wonunkha, onani sefa yomwe imakhala kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa wokwera. Ndi fumbi lathuli imatsekeka msanga, ndipo kuisintha n'kosafuna makaniko.

Kutentha kwa injini

Galimoto zazing'ono zambiri zilibe kamuvi ka kutentha, zili ndi kagetsi kojambulidwa choyezera kutentha pamwamba pa mafunde. M'mawa kamayaka kabuluu kapena kobiriwira, kutanthauza kuti injini ikadali yozizira. Yendani pang'onopang'ono, kazima kokha. Kakayaka kofiira, kapena kamuvi kakamakwera kulunjika pa H, zomwe zimakonda kuchitika pokwera mapiri ngati a Chikwawa, Chiweta kapena Khwekhwerere, zimitsani AC nthawi yomweyo, ikani hita ndi fani pa mphamvu yonse kuti zichotseko kutentha kwa injini, pezani poima. Chivundikiro cha redieta musachitsegule injini ili yotentha, madziwo amatumpha n'kukupsetsani kumaso. Dikirani izizire. Makaniko akakuuzani kuti angochotsa thermostat (kachipangizo kowongolera kutentha kwa madzi a injini) chifukwa kuno n'kotentha, kanani. Apeze chomwe chikutenthetsa injiniyo.

Timagetsi totsala

Kofiira kooneka ngati kaketulo kodontha ndi ka oilo, ndipo kamanena za mphamvu yomwe oilo akuyendera mu injini. Kakayaka mukuyenda, zimitsani injini pomwepo. Onani mlingo, ngati oilo alimo wokwanira koma kakuyakabe, galimoto ikokedwe. Ka batire nthawi zambiri sikanena batire koma alitaneta (yomwe imatchaja batire) kapena lamba wake, ndiye musathamangire kukagula batire lina. Zimitsani AC ndi wailesi mupite ku galaja yapafupi, diso lili pa kutentha, poti pa galimoto zambiri lamba yemweyo amazungulitsanso pampu ya madzi. Ka buleki kakayakabe mutatsitsa handibuleki, onani mafuta a mabuleki. Check engine ikangoyaka, kaiwerengetseni pa kompyuta musanagule sipeya iliyonse. Ikamaphethira, chepetsani liwiro, musapite patali. O/D OFF (kutanthauza kuti giya yapamwamba yatsekedwa) ikayaka pa otomatiki, mwakhudza kabatani ka pa giya, kadineninso. Pa hybrid, READY ikayaka ndiye kuti galimoto yalira kale ngakhale simukumva phokoso.

Pafupi ndi chithunzi cha pampu ya mafuta pamakhala kamuvi koloza mbali yomwe kuli chivundikiro cha thanki. Musazolowere kuyendera kagetsi ka mafuta, pampu ya m'thanki imazizira ndi mafuta omwewo. Mukadzaza thanki bwezerani TRIP A (manambala owerenga makilomita a ulendo) pa 0, ndipo podzadzazanso mugawe makilomita ndi malita omwe alowa kuti mudziwe mmene galimoto yanu ikudyera.