Musanaitane giredala m'komboni, yambani mwaona kumene madzi akupita

Anthu a ku Kanyama, George, Chawama ndi makomboni ena a Lusaka, mavuto a misewu mumawadziwa bwino. Mvula ikangoyamba mu Novembala, njira ya kumsika imasanduka dambo, ana a sukulu amavula nsapato n'kuzinyamula m'manja. Mu 2022 ndalama za CDF, zimene boma limapereka zotukulira madera, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndiye mawadi ambiri akupempha kuti misewu ikonzedwe. Langizo langa ndi lakuti musathamangire kupempha giravulo. Yambani ndi madzi.

Mbali yaikulu ya kumadzulo ndi kumwera kwa Lusaka ndi yathyathyathya, pansi pake pali mwala wa laimu, ndipo madzi apansi ali pafupi kwambiri. Mukakweza msewu popanda ngalande, madzi sasowa kolowera: amapita m'nyumba za m'mbali, amadzaza zimbudzi zokumba, zonyansa n'kusefukira m'zitsime zosaya. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inatiphunzitsa zimenezi, ndipo mu 2024 odwala anachuluka mpaka bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala.

Choncho sankhani kagulu koyendera msewu, ndipo kasakhale ka eni nyumba okhaokha. Muikemo amayi amene amatunga madzi pa kiyosiki m'bandakucha, ogulitsa pa tuntemba, anyamata a mawilibala, munthu woyendera njinga ya olumala, ndiponso ochita lendi, poti ndi ambiri m'komboni koma pamisonkhano saitanidwa. Yendani mvula yamphamvu itangokata, osati mu Ogasiti fumbi lili koboo. Pamene madzi afika pakhoma, lembani mzere ndi penti. Pamene aima, khomani chikhomo. Atsatireni mpaka muone kumene akuchokera ndi kumene akufuna kutulukira, kenako jambulani zonsezo papepala lalikulu. Ngalande yanu iyenera kukathira mu ngalande yaikulu, osati pakhomo pa anzanu a zoni yoyandikana nanu.

Njira imeneyi si yachilendo kuno. Kuyambira mu 1974, pa ntchito yokonza makomboni imene inathandizidwa ndi World Bank, anthu a ku George ndi Chawama ankayenda okha ndi ogwira ntchito a khonsolo posankha modutsa misewu, ndipo amene nyumba zawo zinagwetsedwa ankapatsidwa mapuloti ena chapafupi.

Povuta penipeni ndi pa mipanda ndi tuntemba zimene zinalowa mumsewu. Apa musabise mawu. Pitani kwa mwini mpanda muli anthu awiri kapena atatu amene iye amawalemekeza, muyeze naye limodzi ndi chingwe, aone yekha kuti ambulansi singadutse. Wa kantemba mumufunire malo ena pomwepo pamene makasitomala ake amadutsa. Kumuthamangitsa ndi kumulanda nsima pakamwa, ndipo adzabwerera pamalo pomwepo sabata isanathe. Zimene mwagwirizana zilembedwe, aliyense asaine, makina asanafike.

Musaiwale bwalo la mpira ndi kamalo kopanda nyumba pafupi ndi kiyosiki. Malo otere akangokhala opanda wowayang'anira amasanduka dzala, apo ayi mumangodzuka wina wathira kale fawundeshoni. Aikeni pa mapu anu, dzalani mitengo m'malire, pemphani getsi limodzi la sola kuti atsikana azidutsapo madzulo opanda mantha. Lamulo la Urban and Regional Planning la 2015 limafuna kuti anthu afunsidwe pokonza mapulani a dera lawo, ndiye kupempha kuti malowo alembedwe mu pulani ndi ufulu wanu.

Mapu ndi mgwirizano wanu mukapereke ku Ward Development Committee, komiti yoona za chitukuko cha wadi yanu, kudzera mwa woimira zoni yanu, khansala alandirenso kope, lina musunge nokha. Pemphani injiniya wa Lusaka City Council adzayeze kutsetsereka kwa malo, chifukwa maso amanamiza pa nthaka yathyathyathya ngati yathuyi. Mu pempho lanu ngalande ndi makalavati zikhale patsogolo, giravulo pambuyo.

Ntchito ikatha, gawanani ngalandeyo m'zigawo, nyumba khumi kapena khumi ndi zisanu pachigawo chilichonse, ndipo muivuule mu Okutobala mvula isanagwe. Mchenga ndi mapulasitiki amene mwatulutsa zichotsedwe tsiku lomwelo, chifukwa mukaziunjika m'mphepete mvula yoyamba idzazibwezera momwemo.