Dzanzi Losatha la M'mapazi Lisamanyalanyazidwe

Munthu akakhala nthawi yaitali atapinda miyendo, phazi limachita dzanzi, koma akaimirira n'kuyenda pang'ono dzanzilo limatha. Dzanzi limene tiyenera kuchenjera nalo ndi lija lokhala masabata kapena miyezi, loyambira ku zala za kumapazi onse awiri n'kumakwera pang'onopang'ono cha ku akakolo, chifukwa kawirikawiri limasonyeza kuti mitsempha ikuwonongeka. Pano sitikunena mitsempha yodutsa magazi, koma ija yonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo, imene imatidziwitsa kuti taponda munga kapena takhudza poto wamoto.

Odwala ena amati mapazi amawotcha ngati aponda makala, makamaka usiku, mpaka kukhudzidwa ndi bulangete lokha kumawawa. Ena amamva ngati nyerere zikuyenda pansi pa khungu, ndipo ena miyendo imafooka moti amapunthwa pamalo osalala. Koma chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi phazi limene lasiyiratu kumva kanthu. Mwini wake amaganiza kuti wachira popeza ululu watha, pamene patapata akumuvuka panjira iye osazindikira, ndipo m'nyengo yozizira amawotha moto pambaula mpaka kutuluka matuza osamva kutentha. Bala lotere limakula mwakachetechete, ndipo ndi limene limafikitsa anthu podulidwa chala kapena mwendo.

Gwero lalikulu la vutoli ndi matenda a shuga, chifukwa shuga akakhala wokwera kwa zaka amawononga mitsempha pamodzi ndi timitsempha ta magazi toidyetsa, ndipo pali anthu amene amadziwa kuti ali ndi shuga atapita kuchipatala ndi dandaulo la mapazi. Kumwa kachasu kapena mowa wina mopitirira muyeso kumawononganso mitsempha, makamaka pamene womwayo sakudya mokwanira. Kuperewera kwa vitamini B12, amene amapezeka mu nsomba, mazira, mkaka ndi nyama, nakonso kumabweretsa dzanzi.

Kachirombo ka HIV kamatha kuwononga mitsempha pakokha. Mankhwala a chifuwa chachikulu a isoniazid amachitanso zomwezo kwa anthu ena, n'chifukwa chake achipatala amawapereka limodzi ndi vitamini B6. Mukayamba kumva dzanzi muli pa mankhwalawa kapena pa ma ARV, musasiye kumwa panokha. Kawafotokozereni achipatala kuti aone chochita.

Khate nalonso limabweretsa dzanzi, koma lili ndi maonekedwe akeake. Limayamba ndi zigamba zotuwa kapena zofiirira pakhungu, zimene sizimva munthu akazikhudza ndi kathonje. Si ufiti kapena tsoka la kumtundu: limayamba ndi tizilombo, limachira ndi mankhwala omwa kwa miyezi 6 kapena 12, ndipo mankhwalawo amaperekedwa kwaulere. Wofika msanga kuchipatala amapulumutsa zala zake.

Kwa aliyense amene mapazi ake ayamba dzanzi, chizolowezi chofunika ndi kuwayang'ana tsiku lililonse kunja kusanade. Asambitseni ndi sopo ndi madzi ofunda amene mwayamba mwawayesa ndi chigongono, pukutani bwino pakati pa zala, kenako onani kuphazi konse ngati kuli ming'alu, matuza kapena munga. Ngati maso sakuona bwino kapena msana sukulola kuwerama, pemphani mwana kapena mnzanu wa m'nyumba akuonereni. Musayende opanda nsapato ngakhale pabwalo pomwe, ndipo musanazivale zikutumuleni n'kupisamo dzanja, chifukwa kamwala kakang'ono kakhoza kuboola phazi tsiku lonse inu osadziwa. Musatemere mphini pamalo a dzanzi kapena kusenga zikang'a ndi lezala. Mukapeza bala, ngakhale losawawa, pitani nalo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo kumeneko mukapemphe kuti akuyezeninso shuga.