Katundu wa ana amene anachoka pakhomo: kumupezera kopita asanawonongeke

M'nyumba zambiri muli chipinda chimene sichigonedwanso chifukwa mwadzaza masutikesi, makatoni a mabuku, matiresi ndi njinga yopanda tcheni. Eni ake anakula kalekale, wina ali pabanja ku Mzuzu, wina ali pantchito ku Johannesburg, ndipo aliyense anachoka ndi mawu akuti adzatenga. Chomvetsa chisoni n'chakuti katundu wotereyu sadikira mwini wake. Katoni yokhazikidwa pansi imakoka chinyezi, chiswe chimalowera kunsi n'kudya mabuku pamwamba pakuoneka bwinobwino, makoswe amaswerana m'matiresi, ndipo zovala zimachita nguwi nyengo ya dzinja.

Ntchitoyi ichitike pakati pa Juni ndi Okutobala, dzuwa lili lodalirika. Yalani mphasa pabwalo n'kutulutsa katundu wa mwana mmodzi patsiku. Mukaphatikiza wa ana awiri, mawa mudzamva kuti nsapato za uje munapatsa uje, mkangano n'kuyambira pomwepo. Mangani kansalu kukamwa ndi kumphuno, pakuti fumbi la m'makatoni akale limatsokomoletsa.

Choyamba kufufuza ndi mapepala. Masatifiketi a MANEB, kalata ya ubatizo, buku la kuchipatala ndi zithunzi zimakonda kubisala m'kati mwa makope, choncho buku lililonse likutumuleni musanaliike pambali. Zimenezi sizipatsidwa kwa munthu wina aliyense. Zijambuleni pafoni, ziikeni m'pepala lapulasitiki zitauma bwino, kenako m'ndowa yokhala ndi chivindikiro, ndipo ndowayo ikhale pamwamba, isagunde khoma.

Zotsalazo musagawe mwini wake asanadziwe, ngakhale munagula ndinu. Kadiresi kong'ambika kamene inu mukukaona ngati chisanza mwina n'kamene anavala tsiku loyamba la sukulu. Jambulani chinthu chilichonse pachokha, tumizani pa WhatsApp, ndipo funso likhale lolunjika: mutenga, tipereke, kapena tigulitse? Ikani tsiku lenileni, mwina masabata asanu ndi limodzi kuchokera pamene mwatumiza zithunzi. Apa ndi pamene makolo ambiri amafooka. Mwana akati "zisungeni kaye, Amayi", kusungako kukhale ndi malire: sutikesi imodzi mwana aliyense, yolembedwa dzina. Wofuna zambiri atumize ya thiransipoti kapena auze mbale wodzatenga.

Zovala zichapidwe, ziyanikidwe tsiku lathunthu ndipo zisitidwe zisanachoke pakhomo. Fufuzani m'matumba monse. Zovala zam'kati siziperekedwa. Yunifolomu ikadali yolimba perekani kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yomweyo, iye amadziwa ana osowa. Zina zipite kwa abale kumudzi, kapena kubungwe la amayi kutchalitchi kapena kumzikiti. Koma muyambe mwafunsa chimene akusowa, kuopa kungosamutsira mtolo wanu m'nyumba ya wina.

Mabuku amafuna diso la mphunzitsi, chifukwa silabasi imasintha ndipo buku lakale likhoza kusocheretsa mwana wokonzekera mayeso. Madikishonale, mabuku a nthano ndi a masamu sakalamba msanga. Zidole ndi timipando zimalandiridwa bwino kusukulu za mkombaphala, bola zisakhale ndi tizidutswa toti mwana angameze.

Bedi, tebulo ndi njinga zimagulika. Yang'anani matabwa: timabowo tothothoka ufa tikusonyeza kuti mkati munafumbwa, ndipo wogula muuzeni zoona. Matiresi ayang'aneni m'misoko ngati muli nsikidzi. Okhala nazo asapite kwa munthu. Pogulitsa kudzera pa Facebook, katundu asatuluke musanaone ndalama mu Airtel Money kapena Mpamba mwanu, poti uthenga wongokutumizirani ukhoza kukhala wabodza. Ndalamazo ndi za mwini katundu, pokhapokha iye atanena kuti mugwiritse ntchito.

M'mawailesi ndi m'matochi chotsani mabatire, chifukwa akakhalitsa amatuluka madzi owononga zitsulo zam'kati. Foni yakale ichotsedwe SIM ndi memori khadi isanapite kwa wina. Mankhwala otsala asaperekedwe kwa aliyense, ndipo mapulasitiki ndi matiresi musawotche pafupi ndi nyumba, utsi wake ndi woipa pachifuwa. Miphika yobooka ndi mafelemu adzimbiri apite kwa ogula zitsulo, amene amagula poyeza pasikelo.

Chipinda chikatsala chopanda kanthu, yang'anani m'makona ndi m'munsi mwa khoma ngati muli tinjira tadothi ta chiswe. Tikapezeka, tigumuleni, thirani mankhwala a chiswe ndi kumata ming'alu ndi simenti musanabwezeretse masutikesi aja pathandala.