Chepetsani magetsi amene kanema wanu amadya

Ambirife kuno ku Mangochi timazimitsa kanema ndi rimoti basi, osadziwa kuti kanyali kofiira kaja kakamayaka, kanemayo pamodzi ndi dikoda amakhala akudyabe mayunitsi a ESCOM usiku wonse. Musanagone, zimitsani pa soketi yapakhoma.

Chimene chimadya magetsi kwambiri ndi kuwala kwa galasi, choncho kuchepetseni, makamaka madzulo, ndipo masana tsekani makatani kuti dzuwa lathu lakunyanjali lisakukakamizeni kukweza kuwalako. Ngati mukadali ndi kanema wakale uja wachimsana, amene amatentha mukamukhudza pamwamba, ndikukulimbikitsani kusunga ndalama pang'onopang'ono kuti mugule wa LED, chifukwa amadya magetsi ochepa zedi, ndipo inu odalira sola mudzaona batire likupirira mpaka mpira kutha.