Mmene mungaonere chionetsero cha zaluso n'kubwerako ndi maganizo atsopano

Ambiri timalowa m'chionetsero cha zojambula ngati tikudutsa mumsika wa Limbe: diso uku, diso uko, kujambula pafoni kawiri katatu, pakatha mphindi khumi tili panja tikufunsana kuti, "Koma zija zimatanthauza chiyani?" Ngati ndinu telala, wosema, mlakatuli kapena mwana wasukulu amene mutu waima, ulendo wotere ndi kungotaya ndalama ya minibasi. Yesani motere.

Choyamba, dziwani kopita

Ku Blantyre yambirani ku La Caverna, m'nyumba ya Mandala ija yomangidwa mu 1882, kapena ku Jacaranda Cultural Centre. Ku Lilongwe kuli La Galleria. Amene muli ndi tsiku lathunthu pitani ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso ndi zachikhalidwe otchedwa Kungoni mu 1976. Kumeneko mukaona zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana m'nyumba yoonetseramo zachikhalidwe ya Chamare, ndipo osema mukawapeza ali pantchito, zipalapala zili mbwee pansi. Zionetsero zambiri zimalengezedwa pa Facebook ndi pa WhatsApp ndipo sizikhalitsa, choncho imbani foni musananyamuke, mufunse nthawi yotsegula ndiponso ngati pakhomo amalipiritsa.

Chachiwiri, pitani kawiri

Tsiku lotsegulira ndi la anthu. Kumakhala malankhulidwe, zakumwa, phokoso, ndipo chojambula mumachionera pamwamba pa phewa la mnzanu. Pitanibe, chifukwa mwini ntchitoyo amapezeka tsiku limenelo. Koma mubwererenso m'mawa wina mkati mwa sabata, muli zii.

Chachitatu, sankhani chimodzi, muime

Apa ndiye pagona nkhani. Zungulirani chipinda chonse kamodzi, foni ili m'thumba, osawerenga timapepala tapakhoma. Kenako bwererani pa chimene chinakukokani, ngakhale chikhale chimene chinakunyansani. Imani pamenepo mphindi khumi. Ndi nthawi yaitali kuposa mmene mukuganizira. Pofika mphindi yachitatu miyendo imayamba kukuuzani kuti tiyeni. Kanani.

Yang'anani muli patali, ndiye musendere pafupi mpaka muone chimene anapangira. Ndi penti, makala, dothi, waya, thumba la feteleza? Burashi inayenda mofatsa kapena mwaukali? Anayambira pati, anasiyira pati? Tsiku lina ndinaima patsogolo pa chithunzi cha mayi wosenza mtolo wa nkhuni, ndikuti ndi penti wamba. Nditasendera ndinapeza kuti chitenje chake chinali timapepala ta mayunitsi tomata m'mizerem'mizere, manambala okanda aja akuonekabe. Mutu wa chithunzicho sindikuukumbuka, koma timapepalato sindinatiiwale.

Billie Zangewa, amene anabadwira ku Blantyre mu 1973 ndipo amakhala ku Johannesburg, ntchito yake imafuna kuyang'ana kotereku. Patali mumayesa chojambula cha penti, pafupi mumaona kuti ndi zidutswa za nsalu ya silika zosokedwa pamanja, msoko ukuoneka, m'mphepete mosawongoka, pena kachidutswa kakusoweka dala. Zimene amaonetsa ndi za pakhomo: iye mwini, mwana wake, kukhitchini. Telala amene amasesa zidutswa za nsalu madzulo aliwonse n'kukataya kudzala ataona zimenezi, tsache amaligwira mosiyana.

Chachinayi, sinthani funso

Lekani kufunsa kuti, "Chikufanana ndi chiyani?" Funsani kuti, "Wasintha chiyani, ndipo chifukwa chiyani?" Taonani Samson Kambalu, amene anaphunzira ku Chancellor College ku Zomba. Chiboliboli chake chotchedwa Antelope chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Anachitenga pa chithunzi cha 1914 chimene John Chilembwe waima ndi mmishonale John Chorley, onse atavala zipewa, nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Chithunzicho ambiri tinachionapo m'mabuku. Kambalu anangosintha chinthu chimodzi: Chilembwe anamukuza, Chorley n'kumusiya pamsinkhu wa munthu wamba. Basi. Kusintha msinkhu kokhako kunanena zimene ena akanadzaza nazo masamba.

Pa ntchito iliyonse imene mwaima, pezani chosintha chotere. Mwina ndi kukula, mwina mtundu, mwina chinthu chimene chaikidwa pamalo osayenera, monga mpira umene Kambalu yemweyo anaukuta ndi masamba a Baibulo n'kuuza anthu kuti aziumenya.

Chachisanu, lankhulani ndi mwiniwake

Ojambula ambiri satopa ndi mafunso, chimene chimawatopetsa ndi funso lakuti, "Ndiye zikutanthauza chiyani?" Mupatseni moni bwinobwino, kenako funsani za manja: "Achimwene, utoto uwu munasakaniza ndi chiyani?" "Mayi, izi zinakutengerani masiku angati?" "Munayesapo china chikukanika musanafike apa?" Funso lomalizali limatsegula pakamwa kwambiri. Pemphani chilolezo musanajambule pafoni, ndipo mukaika pa intaneti tchulani dzina la mwiniwake. Musagwire, ngakhale chosema chikukuitanani bwanji. Thukuta la m'manja limadetsa mtengo ndi nsalu. Ndipo ngati simukugula, musayambe kunenerera mtengo ngati tomato.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani musanafike kunyumba

Tengani kope laling'ono ndi pensulo. Muli pabenchi panja kapena m'minibasi, lembani zinthu zitatu: chimene anapangira, chimene anasintha, ndi chimene chinakuvutani. Jambulaninso ntchitoyo kuchokera m'mutu, ngakhale simudziwa kujambula. Zimene dzanja lakumbuka ndi zimene zinakulowani.

Ndiye sabata isanathe pangani kanthu. Apa chenjerani, chifukwa ndi pamene ambiri timagwera. Pitani pamalo pogulitsira ziboliboli m'tauni iliyonse, mukapeza njovu yomweyo, bwato lomwelo padzuwa lolowa ku Mangochi, mlambe womwewo, wina kuonera kwa wina mpaka mtengo wogulitsira kugwa. Musatenge chithunzi cha mnzanu, tengani njira yake. Ngati iye anakuza munthu amene ankanyozedwa, inu ganizani wa kwanu amene anthu samuona: wogulitsa makala, mlonda, agogo oumba mbiya. Ngati iye anamata timapepala ta mayunitsi, inu yang'anani zimene zimatayidwa pantchito panu. Dziikireni malire: chinthu chimodzi, madzulo atatu, osagula kanthu kusitolo. Mukamaliza, kaya chakongola kaya ayi, chijambuleni, mulembe deti kumbuyo kwake, ndipo kopelo mulitengenso popita kuchionetsero chotsatira.