Intaneti ikaima mu shopu, yambani kufufuza pati?

Ndimakonza makompyuta pa boma la Mangochi, ndipo ambiri ondiitana kuti intaneti yafa, vuto limakhala m'chipinda momwemo. Mukadziwa njira imene uthenga umadutsa, mutha kulipeza nokha.

Kompyuta, foni kapena printa iliyonse pa netiweki imakhala ndi nambala yakeyake, IP address, monga 192.168.1.5. Imene imagawa manambalawa ndi rauta (kabokosi kamene kamapereka Wi-Fi), yomwe kawirikawiri imakhala pa 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1. Rautayo ndiyonso khomo lotulukira kunja. Ngati ili ndi simukhadi, uthenga umapita ku nsanja ya TNM kapena Airtel, kenako m'mawaya a faiba odutsa ku Tanzania kapena Mozambique mpaka kukafika pa zingwe za pansi pa nyanja yamchere.

Ikani rauta pamwamba, pakati pa nyumba. Makoma a njerwa ndi malata amafooketsa Wi-Fi. Wi-Fi ilipo ya mitundu iwiri: ya 5 GHz imathamanga koma imavutika kudutsa khoma, pomwe ya 2.4 GHz imafika patali. Chonde rautayo musaitsekere m'kabati kapena kuisiya pawindo, chifukwa kutentha kwa kuno mu Okutobala kumaiimitsa ntchito. Kompyuta yosasuntha ilumikizeni ndi waya wa netiweki wotchedwa Cat6, usapitirire mamita 100.

Zikavuta, tsegulani Command Prompt pa Windows (pulogalamu yolemberamo malamulo), lembani ipconfig kuti muone nambala ya kompyuta yanu. Nambala ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti kompyuta sinalandire nambala kuchokera ku rauta. Onani ngati waya walowa bwino, kenako zimitsani rauta, muiyatsenso.

Nambala ikakhala bwino, lembani ping (lamulo loyesera ngati chipangizo china chikuyankha) motsatana ndi nambala ya rauta, imene ipconfig yaionetsa pa Default Gateway. Ikayankha, m'nyumba muli bwino. Tsopano lembani ping 8.8.8.8, seva ya Google. Pakakhala zii, onani kaye ngati bandulo yatha musanadandaule kwa aliyense.

Nanga 8.8.8.8 ikayankha koma Facebook osatseguka? Apa m'pamene anthu amasokonezeka kwambiri. Vuto ndi DNS, imene imasintha dzina la tsamba kukhala nambala. Lowani pomwe pali zosintha za netiweki, ikani 8.8.8.8 ngati DNS yanu, yesaninso.

Pasiwedi yolowera mu rauta, ija yolembedwa pansi pake, isintheni tsiku lomwe mwaigula, ndipo ya Wi-Fi ikhale ina. Mukapanda kutero, bandulo ya mwezi idzathera m'mafoni a anthu okhala pakhonde.