Mukusamukira ku state ina ku America: mugule nyumba kapena mufikire pa lendi? Kawerengedwe kake ndi aka

Ntchito mwapeza ku state ina, kalata yafika, tsiku loyambira alemba kale. Ndiye m'nyumba mwabuka mtsutso: tikafika kumeneko tigule nyumba, kapena tikhale kaye pa lendi? Ine ndinasamuka ndi banja kuchoka ku South Bend, Indiana, kupita mbali za Dallas ku Texas, choncho zitsanzo zanga zambiri ndi za kumeneko, koma kawerengedwe kake sikasintha ngakhale mukupita ku Maryland kapena ku Washington.

Ndineneretu mbali yanga: fikirani pa lendi. Kugula kubwere mutaudziwa mzindawo ndiponso mutawerengera msonkho ndi dzanja lanu. Ndikudziwa kuti kwathu munthu wa pa lendi timamuona ngati sanakhazikike, ndipo achimwene akaimba foni amafunsa kuti, "Zaka zonsezi kunjako, yanuyanu mulibe?" Ayankheni mwaulemu, koma ngongoleyo adzalipire ndinu.

Choyamba: mukhalako zaka zingati?

Funso ili liyankheni moona mtima musanatsegule n'komwe Zillow, webusaiti yotsatsa nyumba. Kugula nyumba kuli ndi ndalama zolowera, kugulitsa kuli ndi ndalama zotulukira, ndipo zonsezi sizibwerera. Pogula, zimene amati closing costs zimakhala pakati pa 2 ndi 5 peresenti. Pogulitsa, ma agent akhala akutenga 5 kapena 6 peresenti ya mtengo wa nyumba. Tiyerekeze nyumba ya $350,000: kulowa ndi cha m'ma $10,000, kutuluka ndi cha m'ma $20,000. Mukagulitsa patangotha zaka ziwiri chifukwa ntchito ija sinakuyanjeni, ndalama zimenezi zapita, pokhapokha mitengo itakwera kwambiri, ndipo zimenezo palibe angakulonjezeni. N'chifukwa chake anthu amati ngati simukhala zaka zisanu, musagule.

Apa onjezanipo nkhani ya mapepala. Ngati muli pa visa yodalira abwana anu, tsiku limene ntchito yatha nyumba ija imasanduka katundu wolemera. Komanso kuyambira mu May 2025 ngongole za FHA, zija zolola dipoziti ya 3.5 peresenti, sakuperekanso kwa amene alibe green card kapena unzika. Ngongole zina zilipo, koma musawerengere FHA ngati mapepala anu ndi apakanthawi. Ndipo ngati mtima wanu uli pa poloti ya ku Area 49 kapena nyumba imene yaima pawindo ku Chileka, vomerani kuti dola imodzi singamange mbali ziwiri.

Chachiwiri: siyani mawu akuti lendi ndi kutaya ndalama

Aliyense amawanena, koma tengani cholembera. Nyumba ija ya $350,000 mwaperekapo 10 peresenti, mwakongola $315,000 kwa zaka 30 pa chiwongoladzanja cha 6.5 peresenti. Pamwezi mudzilipira pafupifupi $1,990. Mwezi woyamba, pa ndalama imeneyi, cha m'ma $1,700 ndi chiwongoladzanja chokhachokha. Yochepetsa ngongole sifika n'komwe $300. Ndiye kuti zaka zoyambirira nanunso muli pa lendi, kungoti landilodi wanu ndi banki, ndipo denga likadontha sabwera.

Amene anagula mu 2021, chiwongoladzanja chili cha m'ma 3 peresenti, nkhani yawo ndi ina. Pofika October 2023 chinali chitayandikira 8 peresenti. Choncho m'bale wanu akamakuuzani kuti iye amalipira zochepa kuposa lendi, mufunseni anagula chaka chanji. Ngati ndinu amene muli ndi nyumba ya 3 peresenti ku state mukuchokako, musathamangire kuigulitsa. Mutha kuikamo munthu. Kumbukirani chabe kuti phindu la pogulitsa salidula msonkho mpaka $250,000, kapena $500,000 kwa banja, ngati munakhalamo zaka ziwiri mwa zisanu zapitazo. Mukachedwa kwambiri mwayi umenewu umatha.

Chachitatu: msonkho wa nyumba

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene zinatikhotera.

Anthu amathamangira ku Texas atamva kuti kulibe msonkho wa state pa malipiro. N'zoona, kulibe. Koma ndalamayo amaitengera pa nyumba. Ku Indiana lamulo limati msonkho wa nyumba imene mukukhalamo usapitirire 1 peresenti ya mtengo wake, kupatula zina zimene anthu anavotera. Mbali za Dallas, kupitirira 2 peresenti si zachilendo. Pa nyumba ya $350,000, 1 peresenti ndi $3,500 pachaka, 2.3 peresenti ndi $8,050, musanachotsere zimene boma limakhululuka. Nyumba ziwiri za mtengo wofanana, koma pamwezi zikusiyana pafupifupi $380.

Ife lendi itatsala pang'ono kutha tinakopeka ndi nyumba zatsopano, zija zimamera ngati bowa m'mphepete mwa mzinda kumene kunali minda ya ng'ombe. Mu ofesi yogulitsira munali fungo la penti watsopano, khofi waulere, ndi mayi wina wansangala amene anatenga pepala n'kuzunguliza ndi cholembera ndalama ya pamwezi. Inali yocheperako poyerekeza ndi lendi yathu. Ngongole tinatenga kwa wobwereketsa amene kampani yomangayo inatilozera, poti analonjeza kutithandiza ndalama zolowera.

Chimene sichinali papepala lija ndi ichi. Ku Texas, ofesi ya county yoyesa mitengo ya nyumba imayang'ana mmene malo analili pa 1 January. Ngati tsiku limenelo panali dothi ndi zikhomo basi, msonkho wa chaka chimenecho ndi wa dothi. Wobwereketsa amatenga msonkho wochepawo n'kuugawa pa miyezi 12, n'kumausunga mu escrow, thumba limene iye amalipirira msonkho ndi inshuwalansi m'malo mwanu. Chaka chotsatira a county akubwera, akupeza nyumba yathunthu, garaja ndi kapinga. Bilu ikukwera kangapo. Wobwereketsa amalipira ndithu, chifukwa bilu imafunika pofika pa 31 January, koma thumba lija limalowa m'ngongole.

Kalata inabwera mu envelopu wamba, pakati pa mapepala otsatsa pizza. Mayi a kunyumba anaitsegula ali chiimire pakhomo la khitchini, anaiwerenga kawiri, n'kundipatsa osanena kanthu. Inali ndi mabokosi awiri: lipirani zoperewera zonse pakamodzi, kapena tizigawe pa miyezi 12. Bokosi lililonse mungasankhe, ndalama ya pamwezi ikukwerabe, chifukwa tsopano akusonkhetsa msonkho weniweni wa chaka chikubwerachi, kuphatikizapo yapadera yokwana miyezi iwiri imene lamulo limawalola kusunga. Kwa ife anawonjezera madola mazana angapo mwezi uliwonse. Ndinaimba foni, wondiyankha anangoti zonse zinali m'mapepala amene tinasaina. Zinalimodi, pa tsamba la mkati mwenimweni. Chaka chimenecho chipereganyu tinatulukamo, ndipo zotumiza kumudzi zinachepa mpaka amayi anafunsa ngati ntchito ilipo.

Ndiye chitani izi. Pitani pa webusaiti ya appraisal district, ofesi ija yoyesa mitengo ya nyumba, ya county imene mukufuna, kaya Dallas, Collin, Denton, Tarrant kapena Kaufman. Ndi yaulere. Lembani adiresi ya nyumba yoyandikana nayo imene yakhalapo zaka ziwiri kapena zitatu. Mudzaona mndandanda wa onse odula msonkho pamalopo: sukulu, mzinda, county, mwina koleji ndi chipatala. Phatikizani maperesenti onsewo nokha, muchulukitse ndi mtengo umene mukugulira, osati umene uli pa bilu yakale. Yang'anitsitsani zilembo MUD ndi PID. MUD ndi bungwe la deralo limene linakongola ndalama zoikira mapaipi a madzi ndi zonyansa, ndipo obweza ndinu ogula. PID ndi yofanana nayo, ya misewu, mapaki ndi zokongoletsa. Madera atsopano ambiri ali nazo. Wogulitsa amayenera kukupatsani chikalata chonena zimenezi, koma chimabwera mu mulu wa zosaina, dzanja litatopa kale. Mufunseni wobwereketsa mosapita m'mbali kuti escrow waiwerengera pa dothi kapena pa nyumba yomalizidwa. Akati pa dothi, muziika padera kusiyanako mwezi ndi mwezi.

Mukagula, lembetsani homestead exemption. Imachotsera gawo la mtengo wa nyumba pa msonkho wa sukulu, ndipo mu 2023 analikweza kufika $100,000. Imaletsanso kuti mtengo wodulirapo msonkho ukwere kuposa 10 peresenti pachaka. Kulembetsa ndi kwaulere. Mudzalandira makalata ooneka ngati a boma ofuna muwalipire kuti akulembetsereni. Ndi madobadoba, ng'ambani. Mukaona kuti a county akweza mtengo mopitirira, mutha kutsutsa, nthawi zambiri pofika pa 15 May.

Pamwamba pa msonkho ikanipo inshuwalansi. Kumpoto kwa Texas kumagwa matalala oswa madenga, moti makampani ambiri amati pa matalala ndi mphepo muyambe mwalipira nokha 1 kapena 2 peresenti ya mtengo wa nyumba. Pa chitsanzo chathu chija, 2 peresenti ndi $7,000 ya m'thumba. Ikaninso HOA, ndalama yolipira ku bungwe la eni nyumba a m'deralo, komanso PMI, inshuwalansi yoteteza wobwereketsa, ngati dipoziti yanu sinafike 20 peresenti. Zonsezi mukaphatikiza, ndiye muyerekeze ndi lendi ya nyumba yofanana m'dera lomwelo. Ambiri akafika apa mtsutso uja umatha wokha.

Chachinayi: kupeza lendi muli kutali

Eni nyumba ambiri amafuna kuti malipiro anu akhale katatu ka lendi. Kalata ya ntchito yatsopano imakwanira. Ndalama yofunsira malo sibwezedwa, ndiye musamwaze mafomu paliponse. Ku Texas kuli anthu otchedwa apartment locator, amakufunirani malo osakulipiritsani chifukwa amawalipira ndi eni nyumba. Dziwani chabe kuti adzakulozerani kumene iwo amadyerako.

Mukaona nyumba yokongola yotchipa modabwitsa pa Facebook kapena Craigslist, mwini wake n'kumati ali kunja, tumizani dipoziti pa Zelle akutumizireni makiyi, thawani. Zithunzizo anaba kwina. Webusaiti ija ya county imaonetsanso dzina la mwini nyumba; likasiyana ndi la amene mukulankhula naye, nkhani yatha. Tumani m'bale wa kutchalitchi akaione ndi maso.

Sainani miyezi 12, ndipo werengani ndime ya chilango chochoka nthawi isanakwane. Chaka chimenecho ndi sukulu yanu. Pa mapu Forney ndi Irving zimaoneka pafupi. Yendani pa msewu wa 635 nthawi yoweruka mudzandiuze. Misewu yolipira monga Dallas North Tollway imadya ndalama mwakachetechete. Sukulu ya ana imatengera adiresi, ndipo msewu umodzi ungakusiyanitseni ndi sukulu imene mumaifuna. Mudzadziwanso kogula ufa ndi nsomba zouma, ndi kumene anzanu amakumana Lamlungu.

Chachisanu: katundu

Makampani ambiri onyamula katundu amene amatulukira pamwamba mukafufuza pa intaneti alibe lole ndi imodzi yomwe. Amatenga dipoziti n'kugulitsa ntchitoyo kwa ena, amene amakweza mtengo katundu ali kale m'galimoto. Funsani nambala ya USDOT imene kampaniyo inalembetsera ku boma, muione pa webusaiti ya FMCSA, bungwe la boma loyang'anira malole, ndipo mtengo ulembedwe kuti binding estimate, kutanthauza mtengo wosasintha. Chitetezo chaulere chimene amapereka ndi masenti 60 pa paundi: TV yolemera mapaundi 50 ikasweka akupatsani $30. Kunena zoona, masofa akale gulitsani konko. Lole yobwereka ya U-Haul ndi anyamata awiri onyamula zimakwana, ngati mungapirire mtunda wa mamailosi pafupifupi 1,000.

Mukafika pogula

Izi zambiri mukuzidziwa. Funsani obwereketsa atatu, osati mmodzi amene womanga wakulozerani. Mwezi womwe mukudikira kusaina musatenge galimoto kapena mipando pangongole. Ndalama ya chipereganyu ilowe ku banki kudakali miyezi iwiri kuti mufunsire ngongole, apo ayi adzafuna kalata yofotokoza kumene yachokera, ndipo kumufotokozera mzungu wa ku banki za chipereganyu ndi ntchito. Kuyambira August 2024 agent amakusainitsani pangano musanayambe kuona nyumba. Onani kuti adzamulipira ndani. Ku Texas muli ndi masiku ochepa a option period oti mutha kubwerera m'mbuyo, agwiritseni ntchito poitana woyendera nyumba, ngakhale ili yatsopano. Auzeni ayang'anitsitse maziko: dothi la kuno ndi la makande, limafufuma ndi mvula n'kung'ambika ndi dzuwa, moti mudzaona aneba akuthirira maziko a nyumba ndi paipi m'chilimwe.

Zotsalazo ndi zamapepala. Ku Texas galimoto ilembetsedwe pasanathe masiku 30, laisensi musinthe pasanathe masiku 90. Magetsi m'madera ambiri mumasankha nokha kampani, yerekezani mitengo pa webusaiti ya Power to Choose. Ngati si inu nzika, dziwitsani USCIS, ofesi ya imigireshoni, za adiresi yatsopano pasanathe masiku 10. Ndipo landilodi wakale mumusiyire adiresi yanu molemba, apo ayi dipoziti ija muiiwale.